Ming'oma yathu yabedwa m'nkhalango ya mudzi: yotsalayi tiiteteze bwanji?

Msungichuma wa kalabu, Ntchisi

Ndikupereka moni kwa nonse alimi a njuchi. Ine ndine msungichuma wa kalabu ya anthu 14, ambiri mwa ife amayi, ndipo timaweta njuchi m'nkhalango ya mudzi wathu chakufupi ndi phiri la Ntchisi. Tinayamba ndi ming'oma 10 ya matabwa, ija ya timitengo toyala pamwamba imene alangizi amaitchula kuti Kenya top bar, ndipo pofika chaka chino inali itakwana 26, yonse yopachika pa waya pakati pa mitengo ya mombo ndi misuku.

Sabata ziwiri zapitazo tinalawirira kukayendera ming'omayo kuti tione ngati uchi wakhwima, popeza tinapangana kuti tidzafule kumayambiriro kwa Disembala. Tinapeza ming'oma 3 palibe, pangotsala waya wodulidwa akulendewera. Ina 4 inali pansi, zivundikiro zili uko, timitengo tili mbwee, pambali pali phulusa la udzu, ndipo zisa za ana a njuchi zinali zitapondedwa, linthumbu litazizinga kale. Pa nthambi ina panaunjikana kagulu ka njuchi zopulumuka, kosaposa nkhonya ziwiri, kali chete ngati anthu pasiwa. Mayi wina wachikulire wa m'kalabu mwathu anangokhala pansi n'kuyamba kulira, chifukwa ndalama ya uchi umenewo ndiyo ankayembekeza kugulira feteleza ndi kulipirira mdzukulu wawo sukulu.

Kuyambira tsikulo sitikugwirizana. Ena akuti mwina ndi chiuli. Ena akuti ming'oma yotsalayo tiisamutsire kuseri kwa nyumba zathu. Pali amene akufuna kuti tikapeze sing'anga atiikire chambu, pomwe abambo awiri akuti azikabisala usiku ndi zikwanje. Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti m'mudzi mukumveka manong'onong'o oloza mnyamata wina amene ndi mphwake wa membala mnzathu, koma umboni palibe. Ndikupempha inu amene munadutsamo m'zoterezi kuti mutiunikire: ming'oma 19 yotsalayi tiiteteze bwanji, ndipo nkhani ya woganiziridwayu tiigwire motani kuti kalabu isapasuke?

Mlimi wa njuchi wa kalekale, Rumphi

Pepani kwambiri mayi, pamodzi ndi anzanu onse. Ine ndinayamba kufula uchi ndi malemu bambo anga m'ming'oma ya makungwa, kumunsi kwa mapiri a Nyika, ndipo ndabedwapo kangapo, choncho ululu wake ndikuudziwa.

Poyamba tichotse nkhani ya chiuli, chifukwa ikungokutayitsani nthawi. Chiuli chimang'amba mng'oma ndi zikhadabo ndi mano, chimasiya mikwingwirima pa thabwa, ndipo chimakonda kwambiri zisa za ana, zija inu munazipeza zitatayidwa. Sichidula waya, sichikoleza moto, ndipo sichinyamula mng'oma wathunthu n'kupita nawo. Amene anasankha zisa zomata za uchi n'kusiya za ana ndi munthu. Ndionjezere kuti mwa zimene mwafotokozazo ndikuona mbala za mitundu iwiri, kapena mbala imodzi ya zolinga ziwiri. Wakuba uchi amabwera ndi muuni wa udzu ndi ndowa, amafula mwaphuma n'kuthawa, ndipo kawirikawiri amakhala munthu wapafupi amene wakhala akuona njuchi zikulowa ndi kutuluka. Wonyamula mng'oma wonse ndi munthu wodziwa njuchi, amene amatseka khomo la mng'oma usiku ndi nsanza kapena dothi, n'kuumanga pa njinga, ndipo ali kale ndi koupachika kapena wougula. Ameneyu ndiye woopsa, chifukwa akaona kuti mwangokhala chete adzabweranso.

Musanachite china chilichonse, pitani mukafule. M'nkhalango za miombo uchi umachuluka kawiri pa chaka: chakumapeto kwa chaka mitengo ikatha kuchita maluwa a m'chilimwe, ndiponso cha mu Meyi ndi Juni mvula ikatha. Nyengo zimenezi mbala imazidziwa bwino ngati mmene mumazidziwira inuyo. Ndikukhulupirira kuti chimene chinakupwetekani ndi kupangana tsiku la kufula kudakali milungu ingapo, m'gulu la anthu 14, aliyense n'kukalitchula kunyumba kwake, pachitsime ndi kuchigayo. Mbalayo inangowerenga masiku n'kukutsogolerani. Ine masiku ano nyengo ikafika ndimayendera ming'oma sabata iliyonse, ndipo chisa chilichonse chimene chamatidwa ndi phula mbali yaikulu ndimachichotsa pomwepo, osadikira kuti mng'oma wonse udzaze. Ndimangosiya zisa za ana ndi uchi wokwanira kuti njuchi zisathawe ndi njala. Munthu akavutika usiku, n'kulumidwa, n'kupezamo zisa ziwiri zokha, sabweranso kachiwiri. Tsiku la kufula lizidziwika ndi anthu atatu okha, ena onse aziuzidwa madzulo oti mawa.

Kagulu kamene munakaona pa nthambi kaja musakataye mtima ngati kadakalipo. Kagwedezereni mu mng'oma waung'ono wopakidwa phula, mukapatse madzi a shuga, muyezo umodzi wa shuga ndi umodzi wa madzi. Ngati mfumukazi inafa, tengani chisa chokhala ndi mazira atsopano mu mng'oma wina wamphamvu n'kuikamo, pakuti njuchi zimatha kudzilerera mfumukazi ina, imene imaswa pakatha masiku pafupifupi 16 kuchokera pamene dzira linaikiridwa.

Tsopano ndinene chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi. Nkhalango imene ifeyo timati ilibe anthu imakhala ndi maso ambiri: anyamata oweta ng'ombe ndi mbuzi, amayi otola nkhuni, otola bowa ndi masuku, osaka mbewa, ngakhalenso ootcha makala. Anthu amenewa ndiwo amadziwa amene anadutsa ndi ndowa mbandakucha. Funso n'lakuti, kodi ali ndi chifukwa chokuuzirani? Nditabedwa kachitatu ndinazindikira kuti anyamata oweta ng'ombe ankandiona ngati mdala woumira amene amangowathamangitsa kufupi ndi ming'oma. Ndinasintha. Tsiku la kufula ndimawaitana aime chapatali, ndikatha ndimawadulira chisa aliyense pa tsamba, ndipo botolo loyamba limapita kwa anyakwawa. Awiri mwa anyamatawo ndinawaphunzitsa ntchitoyi n'kuwapatsa mng'oma umodziumodzi pakati pa yanga, moti tsopano akamayang'anira yawo amakhala akuyang'aniranso yanga. Papita zaka 6 osabedwa. Sindikunena kuti anthu onse a kwathu anasanduka angelo, koma wakuba amadziwa kuti akakhudza ming'oma imeneyo walakwira anthu ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo adzamutchula.

Za mphwake wa mnzanuyo, akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mukamuloza chala popanda umboni muswa kalabu yanu, ndipo mwina mnyamatayo n'kukhala wosalakwa. Kadanduleni kwa amfumu za kubedwako popanda kutchula dzina la munthu, muwapemphe aitanitse msonkhano wa mudzi wonse.

Wogwira ntchito m'minda ya zipatso, Western Cape

Mayi, landirani chipepeso changa. Kwathu ndi ku Mzimba, koma ndakhala zaka 9 kuno ku South Africa ndikugwira ntchito kwa mlimi wa njuchi amene amabwereketsa ming'oma kwa eni minda ya maapozi ndi mapeyala cha ku Ceres ndi Grabouw, kuti njuchi zithandize maluwa kubereka. Ndikugwirizana ndi zonse zimene anena madala a ku Rumphi, koma ndikufuna kuonjezera mbali ya mng'oma weniweniwo, chifukwa ubale wabwino ndi anthu a m'mudzi sungaletse mbala yochokera kutali.

Vutoli si la kwathu kokha. Kuno ming'oma imabedwa ndi kuphwanyidwa kwambiri. Ku California, m'dziko la America, kumene ming'oma yochuluka zedi imatutidwa pa malole kuchokera m'zigawo zina mwezi wa Febuluwale chifukwa cha maluwa a mitengo ya mtedza wotchedwa almond, mbala zimabwera usiku ndi makina onyamulira katundu n'kukweza ming'oma yambirimbiri nthawi imodzi, ndipo ogwidwa nthawi zambiri amapezeka kuti ndi anthu odziwa bwino ulimi wa njuchi. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti ngakhale alimi olemera, okhala ndi makamera ndi tizipangizo ta GPS tobisa m'ming'oma tosonyeza kumene mng'oma uli, chida chawo choyamba ndi chimene inunso mungachikwanitse mawa lomwe: chizindikiro. Lamulo la kuno limafuna kuti mlimi wa njuchi alembetse ku unduna wa zaulimi ndipo nambala yake izioneka pa ming'oma yake.

Penti yokha siyokwanira, chifukwa wakuba amaipala kapena kupakapo ina. Pitani kwa wowotcherera zitsulo akupangireni chidindo cha zilembo ziwiri kapena zitatu za dzina la kalabu yanu. Chiikeni pamoto mpaka chifiire, n'kudinda mozama kunja kwa mng'oma mbali zonse, kunsi kwake, mkati mwa chivundikiro, ndiponso pa kamtengo kalikonse ka pamwamba. Timitengo timeneti ndi tovuta kupala bwino, popeza kalikonse kayenera kukhala mamilimita pafupifupi 32 m'lifupi kuti njuchi zimange chisa chimodzi pa kamtengo kamodzi, choncho wakuba safulumira kutitaya. Pa ming'oma imene muli kale njuchi yambani ndi kunja ndi chivundikiro, timitengo muzitidinda pang'onopang'ono pamene mukufula. Ikaninso chizindikiro china chobisika chodziwika ndi atsogoleri okha, monga misomali itatu yokhomedwa mwa mtundu wina kunsi. Mng'oma uliwonse ukhale ndi nambala, ujambulidwe ndi foni, ndipo ulembedwe m'kaundula wa kalabu. Tsiku limene mudzapeze mng'oma wanu m'nkhalango ya mudzi wina, mawu akuti ndaudziwa ndi wanga sadzakuthandizani pabwalo la amfumu kapena kupolisi, koma chidindo, chithunzi ndi kaundula zidzakuyankhulirani.

Za maloko ndinene zoona. Kuno timamanga ming'oma ndi malamba achitsulo, ina timaiika m'zitsulo zowotcherera zokhazikika mu simenti, ndipo alimi ena anayamba kuumba ming'oma ya simenti imene munthu mmodzi sangainyamule. Zonsezi zimachedwetsa wakuba koma sizimuletsa kotheratu, ndipo nthawi zina wokwiya ndi loko amaphwanya mng'oma ndi mwala kapena nkhwangwa, n'kuononga zambiri kuposa akanangotsegula. Komabe kuchedwetsako n'kofunika, chifukwa njuchi za kwathu n'zaukali ndipo munthu wopanda chovala choyenera sangapirire nthawi yaitali. M'malo mwa waya wopyapyala gwiritsani ntchito tcheni kapena waya wokhuthala wodutsa pamwamba pa chivundikiro, ndipo mng'oma ukhale pamwamba kupitirira mita imodzi kuti ndi chiuli chomwe chisaufikire. Musaupake penti yoyera yooneka kutali, ndipo musamadzere njira imodzimodzi mpaka kupanga kanjira kolondolera alendo.

Pomaliza, yambani kufufuza kutali pang'ono. Njuchi zoyenda kukatenga timadzi ta m'maluwa zimadziwa dera lawo mpaka makilomita pafupifupi 3, moti mng'oma ukasunthidwa pafupi zambiri zimabwerera pamalo akale. Ngati masiku otsatira kubedwako munaona njuchi zambiri zikuzungulira pamene panali ming'oma itatuyo, n'kutheka kuti ili pafupi, ngakhale zina zingakhale za ming'oma inayi imene inagwetsedwa. Ngati panali zii, ndiye kuti inapita kutali, ndipo muyenera kudziwitsa makalabu a midzi ina.

Wogula ndi kugulitsa uchi, Lilongwe

Mayi, ine ndiyankhule ngati mmodzi wa anthu amene timagula uchi, chifukwa ifenso tili ndi mlandu pa nkhaniyi. Wakuba saba uchi wa ndowa ziwiri kuti akadye yekha. Amaba podziwa kuti pali wina amene adzagula osafunsa. Uchi wakuba suvuta kuuzindikira: umanunkha utsi kwambiri, umakhala ndi phulusa ndi tizidutswa ta njuchi zakufa, ndipo poti wofulayo amafinyira pamodzi zisa zokhwima, zosakhwima ndi za ana, umakhala wamadzimadzi, umachita thovu n'kuyamba kusasa pasanathe milungu yambiri. Uchi wokhwima bwino madzi ake sapitirira magawo 20 pa 100 aliwonse, n'chifukwa chake umasungika nthawi yaitali. Choopsa kwambiri n'chakuti mbala zina zimapopera mankhwala ophera tizilombo mu mng'oma kuti njuchi zife msanga, ndiye uchi umenewo n'kukathera m'phala la mwana kapena mwa wodwala chifuwa amene akuuyesa mankhwala.

Pitani kwa onse amene amagula uchi pa misika ya kufupi ndi kwanu, ndi kwa ophika mowa amene amathira uchi, muwauze tsiku limene munabedwa. Funsaninso akalipentala ndi alimi anzanu ngati wina wawatsatsa ming'oma yogwirapo kale ntchito pa mtengo wotsika. Ine ndinaleka kugula kwa munthu amene sanganene kalabu yake kapena mudzi umene kuli ming'oma yake, ngakhale atatsitsa mtengo chotani, ndipo ndikupempha anzanga ogula kuti tichite chimodzimodzi.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Mulanje

Ndawerenga malangizo onsewa ndipo ndi abwino, koma pali mfundo zitatu za m'funso lanu, mayi, zimene sizinayankhidwe mokwanira, ndipo ziwiri mwa izo zingathe kutayitsa moyo wa munthu.

Kusamutsira ming'oma 19 kuseri kwa nyumba ndikukuletsani ndithu. Njuchi zikaputidwa masana otentha zimaluma chilichonse chopezeka pafupi, ndipo mbuzi yomangidwa pa chingwe, nkhuku za m'khola, mwana wokwawa kapena nkhalamba yosatha kuthawa ndiwo amavulala. Tsiku limodzi lotero lingakudanitseni ndi mudzi wonse kuposa mmene kubaku kwachitira. Njira yapakati imene ife tinatsata ndi kumanga kanyumba ka njerwa kumalire a munda, kutali ndi nyumba ndi njira ya ana a sukulu koma poonekera kwa anthu olima. Kali ndi denga la malata, chitseko cholimba cha loko, ndi timabowo m'khoma toyang'anizana ndi khomo la mng'oma uliwonse. Ming'oma imakhala pa mashelefu mkati, miyendo yake titaipaka girisi chifukwa cha nyerere. Kanatidyera ndalama, koma kamatetezanso matabwa ku mvula ndi ku moto wolusa. Muonetsetse kokha kuti pamalopo pali maluwa okwanira ndi madzi, chifukwa ming'oma yambiri pamalo osauka imaperewera chakudya.

Abambo ofuna kubisala ndi zikwanjewo muwaletse mwamphamvu. Mu mdima munthu sadziwa amene akumutema, ndipo amene wavulaza kapena kupha wakuba amakayankha yekha mlandu waukulu kukhoti, uchiwo osabwerera. Ngati pafunika kulondera m'nyengo ya uchi, zichitike mogwirizana ndi gulu la chitetezo cha m'mudzi, amfumu akudziwa, ndipo wogwidwa aperekedwe kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala. Kanenaninso kupolisi ngakhale mukuona ngati sizithandiza msanga, kuti nkhani ikhale m'buku mng'oma ukadzapezeka. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango la 1997 limazindikira nkhalango za m'midzi ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe m'mudzi. Amene anayatsa udzu pakati pa mitengo yanu m'nyengo youma chonchi anaika pachiswe nkhalango yonse, choncho komiti imeneyo pamodzi ndi mlangizi wa zankhalango ali ndi gawo pa mlanduwu. Pemphani kuti m'malamulo a nkhalango yanu mulembedwe chindapusa chodziwika cha wakuba kapena kuotcha mng'oma.

Za chambu sindinyoza chikhulupiriro cha munthu. Ndikudziwa kuti kale ming'oma ya makungwa inkakhala m'thengo zaka zambiri osakhudzidwa, mwa zina chifukwa anthu ankaopa zoterezi. Koma ndaona makalabu akugawikana pa nkhani imeneyi, ena akuti n'zosemphana ndi mpingo wawo, ndipo ndalama ya gulu ikapita kumeneko pamabuka mkangano wina. Ndalama imeneyo ikanakhala yanga ndikanagulira chidindo ndi tcheni.

Msungichuma wa kalabu, Ntchisi

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Rumphi, chifukwa mawu anu onena za tsiku la kufula anatilasa mtima. Titakumana Lachiwiri, mayi wina anavomera yekha kuti anatchula tsikulo kuchigayo pokambirana ndi munthu amene ankafuna kugula uchi, ndipo ena awiri anati nawonso analitchula kwa abale. Palibe amene anadzudzula mnzake.

Lachinayi tinafula ming'oma 11 imene inali ndi zisa zomata. Kagulu ka pa nthambi kaja tinakapeza katachoka, koma mu umodzi mwa ming'oma yogwetsedwa, umene tinaupachikanso tsiku lomwe lija, mwalowa njuchi ndipo zayamba kumanga. Anyamata oweta mbuzi tinawaitana monga munanenera, ndipo mmodzi wa iwo, akunyambita zala, anatiuza tisanamufunse n'komwe kuti m'sabata ya kubedwayo anaona mopita matayala a njinga ziwiri pa kanjira kotsikira kudambo, kolowera mbali ina osati kumudzi kwathu. Sitikudziwa ngati zimenezi zikumuyeretsa mnyamata woganiziridwa uja, koma ndikuthokoza kuti dzina lake sitinalitchule kwa amfumu. Msonkhano wa mudzi waitanidwa Loweruka likudzali, kupolisi tinakanena, ndipo abambo aja avomera kusiya zikwanje kunyumba.

Chidindo tapereka kale ndalama kwa wowotcherera zitsulo. Pa nkhani ya kanyumba ka njerwa mamembala akufuna kudziwa zambiri tisanaumbe njerwa mvula ikatha. Aphunzitsi a ku Mulanje, kodi kanyumba kanuko n'kotalika ndi kotambalala bwanji, mumasungamo ming'oma ingati, ndipo mumatani kuti mkati musatenthe kwambiri mwezi wa Okutobala pansi pa malata?